Chitungwiza, Tauni Imene Anaimangira Kugonamo Basi

Pa kalembera wa mu 2022, m'tauni ya Chitungwiza anapezamo anthu opitirira 371,000. M'dziko lonse la Zimbabwe ndi Harare ndi Bulawayo basi amene ali ndi anthu ochuluka kuposa pamenepa. Mutare ndi Gweru, mizinda yakale ya mbiri yake, yatsalira kutali. Komatu amene anajambula mapu a Chitungwiza analibe maganizo omanga mzinda. Iwo ankafuna malo oti wantchito wachikuda azikagonako usiku, kukacha azibwerera ku Salisbury (Harare wa lero), mtunda wa makilomita pafupifupi 25 chakumpoto, kukagwirira ntchito azungu. Malamulo amene anabala maganizo amenewo anafafanizidwa kalekale. Makilomita aja alipobe, ndipo amene amawalipira tsiku ndi tsiku ndi munthu wamba.

Mukafuna kuona mmene amalipirira, kaimeni pokwerera maminibasi pa Makoni kapena pa Chikwanha cha m'ma 5 koloko m'mawa, mwezi wa June, chisanu chikulowa m'mafupa. Anthu amatulukira m'tinjira ta pakati pa nyumba atavala zipewa zaulusi, abambo atakolekera kachikwama ka chakudya chamasana, amayi atanyamula madengu opanda kanthu popita kukapikula tomato ndi masamba ku Mbare Musika. Maminibasi, amene kumeneko amati makombi, amakhala atandanda injini zikulira, anyamata oitanira, mahwindi, akumenya chitseko ndi chikhatho uku akufuula kuti kwatsala munthu mmodzi. Mpando wa anthu atatu pamakhala anayi, ndipo wachisanu amakhala chotsamira woyendetsa, mawondo ake atalowana ndi a anzake. Ikamakwana 7 koloko msewu wa Seke wopita ku Harare umakhala utadzaza, magalimoto akukwawa kuchokera pa mlatho wa Manyame mpaka m'tauni. Ulendo umene usiku ndi wa theka la ola umatha kudya ola lathunthu n'kupitirira. Madzulo anthu omwewo amafola pa Charge Office m'Harare kudikira zobwererera. M'nyumba zambiri mwana wamng'ono amawaona bwinobwino bambo ake Lamulungu lokha.

Dera la Chitungwiza silinali tchire azungu asanafike. Linali dziko la Ashona a mfumu Seke, ndipo dzina loti Chitungwiza ndi lakale kuposa tauniyo: ndi la malo amene kunkakhala Pasipamire, munthu amene mzimu wa Chaminuka unkalankhulira mwa iye. Anthu ankachoka kutali kudzamupempha mvula. Mu 1883 asilikali a Lobengula, mfumu ya Andebele, anamupha ali pa ulendo wa ku Bulawayo kumene anamuitanira. Patangotha zaka 7, mu September 1890, gulu la azungu otumidwa ndi kampani ya Cecil Rhodes linakweza mbendera pamalo amene analitcha Fort Salisbury. Nthaka yabwino yozungulira inagawidwa kukhala mafamu a azungu, ndipo anthu a Seke anawasiyira kadera ka mchenga kutsidya kwa Manyame, mtsinje umene atsamunda ankaulemba kuti Hunyani.

Salisbury atayamba kukula anagwira njakata imene mizinda yonse ya atsamunda inkagwira. Ankafuna manja a munthu wakuda: ophika, olima m'maluwa, omanga, onyamula katundu ku njanji, osankha fodya. Koma sankafuna mkazi wake, ana ake, ukalamba wake ngakhale maliro ake. Mu 1907 anatsegula komboni ya Harari, imene lero ndi Mbare, ndipo pambuyo pake anamangamo mahositelo a amuna okhaokha monga Matapi. Lamulo logawa malo la mu 1930 linanena poyera kuti m'tauni ndi mwa azungu, wakuda ndi mlendo wongobwereka pogona. Lina la mu 1946 linamangirira nyumba ku ntchito: uli pa ntchito uli ndi chitupa ndi pogona, ntchito ikatha zonse zatha, uzipita kumudzi. Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi makomboni ena anabwera pambuyo pa Harari, iliyonse yotalikirako pang'ono kuposa inzake.

Apa ndi pamene mbiri imeneyi ikutikhudza ife Amalawi. Kwa zaka zambiri nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanathe, ambiri mwa antchito akuda a mu Salisbury sanali mbadwa za m'dzikomo. Anali ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia. Msonkho wa nyumba unkawathamangitsa m'midzi ya ku Ntcheu, ku Dedza, ku Mangochi, ku Nkhata Bay. Ankatsika wapansi kudzera ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kukalowa cha ku Mutoko. Kenako kunabwera malole a ulere ndi mabungwe olemba anthu ntchito, lodziwika kwambiri n'kukhala Mthandizi. Kwathu kuno ankangoti wapita ku Halale. Mshona wa ku Seke kapena ku Murewa ankatha kugwira miyezi ingapo n'kubwerera kukalima, chifukwa kwawo kunali pafupi. Wochokera ku Nyasaland kwawo kunali kwa milungu ingapo ya ulendo. Ndiye anakhazikika. Anakwatira komweko, anatenga nyumba za mabanja m'makomboni pamene eni dziko ankaona ngati kukhala m'tauni mpaka kukalambiramo ndi chinthu chochititsa manyazi, anayambitsa magulu othandizana pa maliro popeza analibe abale oti awaike m'manda. Amene kwathu tinawatcha machona ndi amodzi mwa anthu oyamba amene anaona komboni ngati mudzi wawo weniweni, ndipo zimenezi zidzawabwerera mowawa patsogolo.

M'zaka za m'ma 1950 boma linawoloka mtsinje. Linatsegula komboni ya St Mary's pafupi ndi mishoni ya Anglican ya dzina lomwelo, komanso kakomboni kena m'dziko la mfumu Seke. Kunali kutali, mabasi anali ochepa, ndipo anthu sanakhamukireko. Pa kalembera wa mu 1969 dera lonseli linali ndi anthu pafupifupi 15,000 okha. Koma chaka chomwecho boma la Ian Smith, limene linali litadzilamulira lokha mu 1965 pokana kupereka mphamvu kwa anthu akuda, linakhwimitsanso lamulo la malo. Akuluakulu okonza mapulani anagwirizana kuti anthu akuda onse amene adzawonjezekere mu Salisbury azipita nawo kutsidya kwa Hunyani. Ubwino wake kwa iwo unali woonekeratu. Malowo anali kunja kwa malire a mzinda, choncho azungu okhoma msonkho wa khonsolo sakanasenza mtolo wa madzi, misewu ndi zipatala za anthuwo. Mbali ina inali nthaka ya mafumu, kutanthauza kuti pa pepala munthu wakuda anali asanalowe m'dziko la azungu. Ndipo tauni imene ili ndi misewu iwiri yokha yotulukira ndi yosavuta kuitseka pakabuka chipolowe. M'zaka za m'ma 1970 anamanga Zengeza, n'kuigawa kuyambira Zengeza 1 mpaka Zengeza 5, ndipo Seke anaifutukula m'magawo otchedwa ndi zilembo, Unit A mpaka Unit P. Nyumba zake zinali zofanana kuyambira koyamba mpaka kumapeto kwa mzere: tizipinda tiwiri kapena tinayi, denga la asibesitosi, kabwalo koti n'kudzalapo mizere ingapo ya repu. Mu 1978 St Mary's, Zengeza ndi Seke anaziphatikiza pansi pa khonsolo imodzi, n'kuzipatsa dzina la malo a Chaminuka aja.

Chimene okonza mapulani sanachiwerengere ndi nkhondo. Mozambique italandira ufulu mu 1975, nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe inafalikira m'midzi yambiri. Masana asilikali a boma ankabwera kudzafunsa amene wadyetsa zigawenga, usiku omenyera ufulu ankabwera kudzafunsa amene waulula kwa asilikali. Boma linasonkhanitsa anthu m'midzi yotchingidwa ndi waya, minda inagonera, ng'ombe zinafa chifukwa madibi anatsekedwa. Amene anali ndi m'bale m'tauni anathawira kwa m'bale wakeyo. Amene analibe anakagona pa depoti ya mabasi ku Harari m'tizisakasa ta mapulasitiki. Akuluakulu a mzinda anawanyamula ambiri a iwo kukawatula m'mphepete mwa Zengeza, pamalo amene anadzatchedwa Chirambahuyo, pamene panadzaza anthu zikwizikwi m'nyumba za mitengo, matope ndi zigamba za malata. Nkhondo itatha ambiri sanabwerere kumudzi, ndipo boma latsopano linawasamutsira m'tinyumba totsika mtengo ta m'magawo omalizira a Seke. Pa kalembera wa mu 1982, chaka chimene Salisbury anasintha dzina kukhala Harare, Chitungwiza inali ndi anthu 172,556. M'zaka 13 zokha anthu anachuluka kuposa ka 11. Mapaipi a madzi ndi a zimbudzi amene anakwiriridwa pansi sanawakonzere khamu lotere, ndipo ambiri a iwo ndi omwewo mpaka lero.

Ufulu wa pa 18 April 1980 unachotsa chitupa. Munthu wakuda akanatha tsopano kugula nyumba ku Avondale kapena ku Borrowdale ngati thumba lilola, ndipo ochepa amene linawalola anasamukadi. M'makomboni boma linalola anthu kugula nyumba za khonsolo zimene ankachita lendi, chinthu chachikulu kwambiri kwa munthu amene moyo wake wonse ankadziwa kuti ntchito ikatha katundu wake aponyedwa panja. Sukulu ndi zipatala zinamangidwa, ndipo sitiyenera kuzipeputsa zimenezi. Koma palibe amene anasuntha ntchito. Mafakitale anatsala ku Workington, ku Southerton, ku Graniteside, ku Willowvale ndi ku Msasa. Maofesi ndi mabanki anatsala pakati pa Harare. Tauni yachitatu pa kukula m'dziko lonse inapitiriza kukhuthulidwa m'mawa uliwonse n'kudzazidwanso usiku.

Mbiri ya Chitungwiza kuyambira pamenepo mungathe kuiwerenga poona zimene anthu akhala akukwera. Poyamba kunali mabasi a kampani imodzi yokha ya United, imene inali ndi chilolezo choyendetsa anthu mumzinda wonse popanda wopikisana naye. Mabasi atachepa, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 boma linaloleza magalimoto a Peugeot otalika kumbuyo kuti azinyamula anthu ngati njira yongoyembekezera. Munthu ankakwera ku buti, miyendo italendewera. Mu 1988 boma linagula gawo lalikulu la kampani ya mabasi ija, imene inadzakhala ZUPCO, koma mizere sinafupike. Mu 1993 anatsegula chitseko kwa aliyense wokhala ndi minibasi, ndipo nthawi ya makombi inayamba. Kudikira kunachepa, mtengo unakwera, ndipo mphamvu inapita m'manja mwa eni makombi ndi mahwindi, amene mvula ikagwa kapena mzere ukatalika amangokweza mtengo pomwepo. Mu 2008, ndalama ya dzikolo itasanduka mapepala, mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Panali anthu amene malipiro awo a mwezi wonse sankakwanira ulendo wa sabata imodzi, ndipo ena anangosiya kupita ku ntchito, ena ankagona kuntchito komweko n'kumabwerera Lachisanu. Mu 2020, nthawi ya Covid-19, boma linaletsa makombi onse osalowa pansi pa ZUPCO, ndipo anthu ankakwera malole ndi timagalimoto tozembera malamulo totchedwa mushikashika mpaka chiletsocho chinachotsedwa mu 2022.

M'zaka zonsezi pali chinthu chimodzi chimene chakhala chikulonjezedwa: njanji yochoka ku Harare kufika ku Chitungwiza. Mapulani ake anayamba kukambidwa m'zaka za m'ma 1980, ndipo nduna zosiyanasiyana zakhala zikuwafukula chisankho chikayandikira. Pamene boma linayambitsa sitima zonyamula antchito mu 2001, zinkapita ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku ndi ku Ruwa, kumene njanji inalipo kale. Chitungwiza, tauni imene inkafunikira sitima kuposa ina iliyonse, inatsala chifukwa kulibe njanji. Ine ndimaona kuti palibe chimene maboma a pambuyo pa ufulu anawalakwira nacho anthu a kumeneko choposa ichi. Munthu amene amataya maola awiri kapena atatu pa msewu tsiku lililonse, n'kusiyanso gawo lalikulu la malipiro ake m'manja mwa kondakitala, akukhomabe msonkho umene Ian Smith anaukhazikitsa.

Kuyesa kubweretsa ntchito pafupi kunalipo. Tauniyi ili ndi dera lake la mafakitale, ndipo lero kuli kofululira Chibuku, fakitale ya mkaka ya Dairibord ndi ina yoyenga mafuta ophikira. Koma imene inali msana wa tauni inali Cone Textiles, fakitale ya nsalu imene inkalemba anthu pafupifupi 6,000. Ndondomeko yosintha chuma ya ESAP, imene inayamba mu 1991 mothandizidwa ndi IMF ndi World Bank, inatsegula malire kwa nsalu zakunja ndi kaunjika, chiwongoladzanja chinakwera, chilala cha 1992 chinapha thonje, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1990 Cone inatseka. Nthawi yomweyo tauniyi inalandira dziwe lalikulu losambiramo, Aquatic Complex, limene anamangira masewera a All-Africa Games a mu 1995. Madzi ake anadzaphwa, ndipo lero malowo amadziwika ndi zoimbaimba, misonkhano ndi mapemphero. Amene anachotsedwa ntchito analowa m'geni. Kuseri kwa nyumba kunayamba kumveka macheka ndi moto wowotcherera zitsulo, amayi anayamba maulendo a ku Botswana ndi ku South Africa kukagulitsa zoluka n'kubwerako ndi katundu wogulitsa, ndipo osema miyala anasonkhana pa Chitungwiza Arts Centre, imene inatsegulidwa mu 1997.

N'chifukwa chake mtengo wa ufa ndi wa mafuta a galimoto kumeneko si nkhani ya m'nyuzipepala chabe. Mu January 1998 ufa utakwera, Chitungwiza inali imodzi mwa malo amene chipolowe chinakula kwambiri, mpaka boma linatumiza asilikali. Pa chisankho cha 2000 mipando yonse ya tauniyi, St Mary's, Zengeza ndi Chitungwiza, inapita ku chipani chotsutsa cha MDC, chimene chinabadwira m'mabungwe a antchito. Mu January 2019 mtengo wa mafuta utakwera kuposa kawiri usiku umodzi, misewu inatsekedwanso ndi miyala ndi matayala, ndipo ku Makoni kunakhetsedwa magazi.

Koma anthu ochuluka chotere ankagona kuti, popeza kumanga nyumba za khonsolo kunali kutachepa? Yankho lake ndi lendi. Mwini nyumba ya zipinda zinayi ankadzisungira ziwiri, ziwiri n'kuikamo mabanja ena. Kenako ankamanga kachipinda ka njerwa kapena ka matabwa kuseri, kenako kena pambali. Puloti imene anaiyezera banja limodzi inkasunga mabanja atatu kapena anayi, onse mpope umodzi ndi chimbudzi chimodzi. M'chipinda cha lendi katani ndiye khoma: uku bedi la makolo, uku ana amayala pansi akasuntha tebulo, mbale ndi mapoto zili pansi pa bedi, yunifolomu ya sukulu yapachikidwa pa msomali wa kuseri kwa chitseko. Kwa mwini nyumba amene penshoni yake inadyedwa ndi kugwa kwa ndalama, tizipinda timeneti ndito tinali penshoni yake.

Mu May 2005 boma linayambitsa ntchito imene linaitcha Operation Murambatsvina. Apolisi ndi makatapila analowa m'makomboni kugwetsa nyumba zonse zomangidwa popanda mapulani ovomerezeka, timaokala ndi misika. Ku St Mary's, ku Zengeza ndi ku Seke eni nyumba ambiri analamulidwa kugumula okha ndi manja awo tizipinda timene anamanga ndi thukuta lawo, ndipo alendi anagona panja m'chisanu cha June atazunguliridwa ndi mawadiropu awo. Nthumwi ya bungwe la United Nations, mayi Anna Tibaijuka a ku Tanzania, inapeza kuti m'dziko lonse anthu pafupifupi 700,000 anataya pokhala, kapena popezera chakudya, kapena zonse ziwiri. Ogwetseredwawo ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo. Amenewa ndi mawu omwe aja a lamulo la 1946, tsopano akutuluka m'kamwa mwa boma la anthu akuda. Mshona anakwera lole kupita ku Murewa kapena ku Buhera, ngakhale kuti kumenekonso kunali njala. Nanga mdzukulu wa munthu uja anachoka ku Ntcheu wapansi mu 1940 akanapita kuti? Mudzi wa agogo ake amangoumva dzina, mwina ndi dzina la mfumu yake. Iye anabadwira ku St Mary's, bambo akenso chimodzimodzi.

Zimenezi zinawapeza ana ndi adzukulu a machona ali kale pa mavuto ena. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa: aliyense amene kholo lake linabadwira kunja anayenera kukana unzika wa dziko la kholo lakelo m'miyezi 6, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri sanamve n'komwe za lamuloli, ena analibe ndalama zoyendera ku maofesi a akazembe, ndipo ena sankamvetsa chifukwa chokanira dziko limene sanalipondepo. Zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo, ndipo anataya mwayi wovota. Mayina onyoza monga mabhurandaya, ochokera ku dzina la Blantyre, anali akuwatsata kuyambira kale, ndipo andale ena ankawanena kuti ndi anthu opanda mfunda. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linali la dziko la m'chigawo cha SADC, koma kusintha chitupa kunafunabe mapepala amene mabanja ambiri a m'mafamu ndi m'makomboni analibe.

Patatha zaka zitatu chichitikire Murambatsvina, mapaipi aja anabweza moto. Chitungwiza ilibe damu lake kapena malo ake oyeretsera madzi. Imagula madzi kwa khonsolo ya Harare, makamaka ochokera ku malo oyeretsera madzi a Prince Edward, amene amadalira madamu aang'ono a Seke ndi Harava pa mtsinje wa Manyame. Chilala chikabwera madamuwo amauma, makina n'kuzimitsidwa. Harare ikapereweredwa, woyamba kutsekeredwa ndi wa kutsidya kwa mtsinje. Zonyansa za m'zimbudzi za Chitungwiza nazo, makina a ku Zengeza akafa, zimatsikira mu Nyatsime, kulowa mu Manyame, n'kukathera m'nyanja ya Chivero, kumene Harare imatunga madzi akumwa. Mu August 2008, mipope itauma kwa nthawi yaitali, zonyansa zikuyenda m'misewu, anthu akumwa madzi a m'zitsime zosaya zokumba pakhomo, kolera anabuka ku Chitungwiza. Anafalikira ku Budiriro m'Harare ndi m'dziko lonse, ndipo pofika pakati pa 2009 anali atagwira anthu opitirira 98,000 n'kupha opitirira 4,200, pa nthawi imene zipatala zikuluzikulu zinali zitatseka zitseko chifukwa chosowa mankhwala ndi malipiro. Mabungwe anakumba mijigo, ndipo mijigoyo ndiyo yasunga tauniyi kufikira lero. Pa mjigo mzere wa zigubu ndi ndowa umayamba usiku. Mayi amaika chigubu chake pa mzere, n'kukagona pang'ono, n'kudzuka 3 koloko kudzaona ngati chasuntha. Akatunga amakankha wilibala kupita kunyumba, asambitse ana, asambe yekha, kenako athamangire kombi. Amene ali ndi ndalama amagula madzi a m'mabauza n'kuthira m'thanki ya pakhomo.

Ndikanakhala ndikunama ndikanati mbiri ya tauniyi ndi ya misozi yokhayokha. Malo amene anawakonzera tulo anadzakhala likulu la sungura, nyimbo za magitala othamanga zimene zinagwedeza Zimbabwe yonse ndi maiko oyandikana nayo. John Chibadura ndi System Tazvida ankakhala kumeneko. A Nicholas Zakaria, mwana wa makolo ochokera ku Malawi amene anakulira m'mafamu a ku Mazowe, anakhazika gulu lawo la Khiama Boys m'tauniyi, ndipo m'manja mwawo munadutsa oimba ambiri, kuphatikizapo a Alick Macheso, obadwa mu 1968 kwa bambo a ku Malawi ndi mayi a ku Mozambique, amene pambuyo pake anayambitsa Orchestra Mberikwazvo. Onse awiri anaimbapo m'Chichewa pambali pa Chishona, ndipo ana a eni dziko amene makolo awo ankaseka chilankhulo cha m'mafamu anachivina mpaka kucha pa Aquatic Complex. Gule wamkulu, amene Ashona amati zvigure, amatulukabe pa maliro m'makomboni akale monga St Mary's, Mbare ndi Mufakose. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare, imene inayamba ndi anthu ochokera ku Nyasaland, ndipo mizikiti ya m'makomboni inamangidwa makamaka ndi Ayao. Loweruka ndi Lamulungu, masiku amene tauni imakhala ndi anthu ake onse, madambo ndi pa miyala pamayera ndi mikanjo ya mapositoli, mabwalo a fumbi amadzaza ndi mpira, ndipo pa Chikwanha utsi wa nyama yowotcha umakwera mpaka usiku.

Manambala a kalembera akusonyeza chinthu chimene poyamba chimadabwitsa. Mu 1992 anthu anali 274,912, kutanthauza kuti m'zaka 10 anawonjezekera ndi opitirira 100,000. Mu 2002 anali 323,260. Mu 2012 anali 356,840. Pofika 2022 anawonjezekera ndi pafupifupi 14,000 okha. Tauni imene inkakula mothamanga kuposa ina iliyonse m'dzikomo ikuoneka ngati yaima. Anthu ambiri a kumeneko sagwirizana ndi manambalawa. Amati aliyense amene waona mizere ya pa mjigo ndi ya pa Makoni akudziwa kuti anthu ndi ochuluka kuposa pamenepa. Komabe zifukwa zoti kukula kuchepe zilipo ndithu. Edzi inapha anthu ambiri a msinkhu wobereka m'zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa za m'ma 2000. Murambatsvina anathamangitsa alendi. Achinyamata ambiri anawoloka Limpopo, ena ali ku Botswana ndi ku Britain, ndipo nyumba zambiri zimene zakuzidwa n'kufoleredwa ndi matailosi zamangidwa ndi ndalama zotumizidwa kuchokera kumeneko.

Chifukwa chachikulu, komabe, n'chakuti malo anatha. M'malire a khonsolo mulibenso poika nyumba. Ngakhale madambo, mabwalo a masewera ndi malo amene anasungira sukulu anadulidwa mapuloti ndi akamberembere ogulitsa malo mwachinyengo, ena mogwirizana ndi akuluakulu a khonsolo, ndipo nthawi ndi nthawi makatapila amabwera kudzagwetsa nyumba za anthu amene anagula mosadziwa. Khonsolo inagulitsa mapuloti zikwizikwi kutsidya kwa mtsinje wa Nyatsime, koma mikangano ya umwini wa malowo inatenga zaka, ndipo ambiri amene analipira anapeza ena atamangapo kale. Otsala analowa m'midzi ya mfumu Seke, cha ku Mayambara, ku Ziko, ku Murisa mpaka ku Dema, kumene anyakwawa, masabhuku, akhala akudula minda ndi madyetsero a ng'ombe n'kumagulitsa kwa anthu a m'tauni, ngakhale kuti lamulo silola kugulitsa nthaka ya mafumu. Wogula amapatsidwa kapepala kolemba pamanja, amakumba chitsime ndi chimbudzi pa puloti yomweyo, amaika sola padenga. Kumayambiriro kwa 2024 boma linayamba kumanga ndi kuthamangitsa anthu okhala pa malo ogulidwa motere m'zigawo zingapo za dziko, ndipo eni nyumba zimenezi sadziwa tsiku limene zidzawafikire. Kalembera amawawerenga ngati anthu a kumudzi a chigawo cha Mashonaland East, khonsolo ya Chitungwiza siwapatsa madzi kapena kuwakonzera msewu, ndipo ambiri a iwo kuti akafike ku ntchito ku Harare amakwera kawiri.